CINKHUPULE CA MALUWA PA NCHITO YA GALIMOTO

Munthu woyenda m'miseu ya Matero, Kanyama kapena Chawama amaona magalimoto ambiri ali ciimire pa mabwalo a amisiri. Ena a iwo injini zao ziri bwino, cosowa ndi kacipangizo kamodzi ka thupi, monga ngodya ya bampala kapena cophimba ca nyali. Popeza magalimoto ambiri a mu Lusaka anagulidwa akale kucokera ku Japan, cipangizo cotere cimasowa m'masitolo, ndipo cikapezeka mtengo wace ngwoopsya.

Komatu mmisiri wanzeru angathe kuciumba yekha ndi fibreglass, ndiyo nsalu ya ulusi wa galasi younikizidwa ndi utomoni wochedwa rezini. Nzeru imeneyi si yacilendo. M'caka ca 1953 a Chevrolet ku America anapanga magalimoto 300 ochedwa Corvette, matupi ace onse a fibreglass, ndipo kufikira lero alipo anthu amene amaumba okha matupi ofanizira magalimoto akale ochuka.

Cobvuta ndi cikombole, pakuti nsalu yonyowa iribe maonekedwe aceace. Apa mpamene cithandiza cinkhupule cobiriwira cija cimene ogulitsa maluwa amabayapo maluwa a pa ukwati ndi nkhata za pa maliro. Anayamba kucipanga ndi V. L. Smithers wa ku Ohio m'caka ca 1954. Cimadulika ndi mpeni ngati cinangwa cophika, ndiponso rezini saciononga, pamene cinkhupule coyera ca m'makatoni a wailesi cimasungunuka cikangokhudzana naye.

Kacitidwe kace nkotere. Mmisiri amamatiza zidutswa za cinkhupule couma pa malo osowa cipangizo, nazisema poyang'anira mbali inayo ya galimoto imene iri yamphumphu. Akatha amakuta cinkhupule conse ndi tepi, napakapo phula, cifukwa cikakhala poyera cimamwa rezini monga cimwera madzi. Tsono amasanganiza rezini ndi mankhwala oumitsa, gawo 1 kapena 2 pa magawo 100. Akacurutsa mankhwalawo rezini amatentha nang'aluka. Akacepetsa sauma msanga. Amayala nsalu kawiri kapena katatu, nagogoda ndi burashi kuti mpweya wonse uturuke. Zikauma amakumba cinkhupule ca m'kati, nasalaza kunja ndi sandipepala asanapake utoto.

Pali macenjezo awiri. Loyamba ndi la thupi la mmisiri. Pfumbi la galasi limayabwa pa khungu ndipo limapweteka m'cifuwa, ndipo dontho la mankhwala oumitsa lingathe kuononga diso. A ku migodi adziwa kale zimene pfumbi licita ndi mapapo a munthu. Agwire nchitoyi pabwalo, kutali ndi mbaula ndi ana, atabvala coteteza mphuno, manja ndi maso.

Laciwiri ndi la moyo wa okwera. Fibreglass ikhoza pa zophimba, koma siyenera kulowa m'malo mwa citsulo conyamula katundu. Mmisiri wobisa nayo dzimbiri la cesesi ya minibasi waika anthu pa ngozi, ndipo dzina lace lidzaonongeka m'komboni monse.

Nchito imeneyi ifuna mtima wofatsa, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tsalani bwino nonse.