Tisanatumize dipoziti, tiidziwe kaye loji yake



Ndapatsidwa mphindi zochepa kuti ndiyankhulepo pa nkhani ya pogona pa ulendo wathu wa kunyanja. Mukudziwa kuti pa 15 October, tsiku la anakubala, anthu amakhamukira ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay. Malo amadzaza msanga, ndiye munthu umathamangira kulipira poopa kugona panja. Ambiri amapwetekera pamenepo. Ndalama tikusonkhazi ena apeza pogulitsa mandasi, ena pa maganyu, ndipo ikangochoka m'foni siibwerera wamba. Choncho loji yosalongosoka tiyenera kuizindikira tikadali kunoko.

Tiyambe ndi zithunzi. Loji ikamangoonetsa dzuwa likutuluka panyanja, geti lopentedwa bwino ndi mabotolo a zakumwa, koma bafa ndi chimbudzi ayi, dziwani kuti pali chomwe akubisa. Apempheni akutumizireni kavidiyo pa WhatsApp kojambulidwa tsiku lomwelo, kaonetse bedi, neti, loko wa chitseko ndi mpopi ukutuluka madzi. Zimenezi n'za mphindi imodzi basi. Akayamba zoti wojambula wachokapo, mawa, mkuja, tiyang'ane kwina. Chithunzi chikakongola mopitirira muyezo chiyikeni pa Google Lens. Nthawi zina mupeza kuti ndi cha hotelo ya dziko lina.

Kenako funso la komwe lojiyo ili. Mawu oti "tili ku Salima" sakutanthauza kuti ali pagombe ayi. Kuchoka pa boma la Salima kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20. Boma la Mangochi nalo lili m'mbali mwa mtsinje wa Shire, magombe omwe timawaona pa zithunzi aja ali cha ku msewu wopita ku Monkey Bay. Tikalakwitsa apa, ndalama ya nsomba ithera pa kabaza ndi minibasi. Apempheni atumize location, muione nokha pa Google Maps.

Muli pa Google Maps pomwepo, kapena pa Booking.com ndi TripAdvisor, werengani zomwe analemba omwe anagonako. Yambirani pa omwe anapereka nyenyezi imodzi kapena ziwiri. Munthu mmodzi akadandaula, mwina ndi wovuta chabe. Koma anthu anayi osadziwana akatchula nsikidzi, kapena kusowa kwa katundu m'chipinda, pamenepo palibenso zokambirana. Onaninso madeti. Kuyamikira kwa zaka zitatu zapitazo sikukuuzani za matiresi a lero. Ndemanga khumi zotamanda zolembedwa sabata imodzi, mawu ake ofanana, zimenezo n'zokayikitsa. Ndipo onani mmene eni ake amayankhira odandaula. Amene amatukwana kasitomala pagulu, inu mukadzamuuza kuti fani sikuzungulira adzakuyankhani bwanji?

Tsopano imbani foni, musamangolemba mameseji. Funsani kuti magetsi a ESCOM akathima pali jenereta kapena sola? Nanga madzi amatulukabe? Bedi lililonse lili ndi neti yosabooka? Kunyanja kuli udzudzu, ndipo palibe akufuna kubwerako ndi malungo. Mlonda alipo usiku? Bala ili patali bwanji ndi zipinda? Alongo athuwa akuyenera kugona mbali yawo, pa chitseko chokiyika bwino, osati chotsekera msomali wopinda. Za mtengo, afotokoze ngati ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi, ngati chakudya cham'mawa ndi msonkho zili momwemo. Wa loji yabwino mafunso awa satopa nawo, amawayankha tsiku lililonse. Wokwiya msanga ameneyo wakuuzani kale zambiri.

Chomaliza ndi kalipiridwe, ndipo apa tamverani bwino. Pa Facebook aliyense akhoza kutsekula tsamba ndi dzina la loji yeniyeni n'kuikapo nambala yake. Onani kuti tsambalo linatsekulidwa liti, ndipo nambalayo muifananize ndi yomwe ili pa Google Maps. Potumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina la wolandira likasiyana ndi lomwe mwauzidwa, imani kaye. Akamakukakamizani kuti "tumizani yonse pompano, ena akudikira", musatengeke. Malo ogona alendo amayenera kukhala ndi layisensi ya boma, ndiye kufunsa za iyo si mwano. Funsaninso kuti ulendo ukalephereka dipoziti imabwezedwa kapena ayi, yankho lake alembe, ndipo risiti atumize.

Pempho langa ku komiti ndi ili: tisankhe anthu atatu, abweretse maloji atatu pa msonkhano ukubwerawu, iliyonse ndi kavidiyo kake, location ndi mtengo wolembedwa. Amene ali ndi m'bale kufupi ndi komweko amutume akaone ndi maso. Izi zisanachitike, a msungichuma asatulutse ngakhale K1,000.