Za Nchito ndi Mpumulo wa Mkristu: Mau Onenedwa pa Yubile ya Mishoni ya Kasina

Ife aphunzitsi a m'midzi tapatsidwa mpata wakuti tinenepo mau pa tsiku lalikuru lino. Sitiri anthu a maphunziro akuya, koma zimene tinamva kwa akuru ndi zimene taona ndi maso athu, zomwezo tiziika pamaso panu.

Tiyambe ndi dzina la chikondwerero chathu. Liu lakuti Yubile lichokera kwa Aisraele akale. M'buku la Levitiko, mutu 25, timva kuti Mulungu anawalamula kuti azilima zaka 6, koma chaka chotsatira aleke, kuti nthaka ipume. Ndipo zikakwana zaka 49 aziomba lipenga ndi kupatula chaka cha 50. Pa chaka chimenecho Mwisraele wogwidwa ukapolo amabwerera kwao, ndipo munda umene munthu anagulitsa chifukwa cha umphawi umabwezedwa ku banja lake. Tsono Yubile ndiyo mpumulo wofikira onse, ngakhale kapolo, ngakhale nthaka. Chifukwa chake nkoyenera kuti lero, pokumbukira chaka cha 1925 pamene ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ino, tidzifunse ngati tidziwa kupuma monga Akristu.

Makolo athu sanali alesi, ndiponso kupuma amakudziwa. Munda ukaguga amausiya ugone tsala. Maliro akagwa pamudzi, makasu onse amagona pansi. Nchito ikakula amaitana dima, nalima pamodzi, nasangalala madzulo. Koma sabata la masiku 7 analibe, pakuti amawerenga nthawi poona mwezi ndi mvula. Sabata linadza ndi amishoni ndi Azungu olemba anthu nchito, ndipo maina a masiku achitira umboni. Lolemba ndilo tsiku limene anthu amalembedwa nchito. Lachiwiri kufikira Lachisanu angowerenga masiku a thukuta. Loweruka ndilo tsiku lakuweruka. Onse 6 atchulidwa ndi nchito. Limodzi lokha litchulidwa ndi dzina la Mwini wake, ndilo Lamulungu.

Taganizani mmene tsiku limeneli linakomera agogo athu m'nthawi ya msonkho wa nyumba, pamene abale athu a kumwera amagwira thangata, ndipo amuna a kuno amayenda ulendo wautali wa ku Harare ndi ku migodi ya ku Joni. Kumeneko munthu amayesedwa ndi tikiti yake ya nchito basi. Koma Eklezia anamuuza kuti pa tsiku limodzi m'sabata sali wa kapitao, ali mwana wa Mulungu. Papa Leo XIII analemba zomwezo m'chaka cha 1891, m'kalata yake yotchedwa Rerum Novarum, kuti wolemba nchito asamane wanchito wake mpumulo wa tsiku la Mulungu, ndiponso asamsenzetse zoposa mphamvu zake.

Wina asaganize kuti tinyoza khasu. Adamu anaikidwa m'munda kuti aulime asanachimwe, kotero nchito si temberero. Ambuye Yesu anakhala mmisiri wa matabwa ku Nazarete, ndipo Paulo Woyera amasoka mahema kuti asalemetse Akristu. Mlesi sadziwa mpumulo, pakuti sanatope. Masiku ake onse afanana ngati phala lopanda mchere. Komanso munthu amene aopa kuika khasu pansi tsiku limodzi aonetsa kuti akhulupirira mkono wake koposa Iye amene agwetsa mvula. Akuru anati kuthamanga si kufika.

Tsopano tifike pamene pali chilonda. Lamulo lachitatu silinena za mwini nyumba yekha. Litchulanso mwana wamwamuna ndi wamkazi, wanchito, ng'ombe, ndi mlendo wokhala pamudzi. Ndipo buku la Deuteronomo, mutu 5, likumbutsa Aisraele kuti iwonso anali akapolo ku Ejipto. Nanga m'midzi mwathu apuma ndani? Misa ikatha, bambo akhala pansi pa mtengo pa bawo kufikira dzuwa litapendeka. Mai, amene anadzuka mbandakucha kusambitsa ana, ali kuchitsime, ali kunkhuni, ali pamoto. Mnyamata wa ng'ombe sanamve ngakhale belu, pakuti anatuluka ndi zoweta mame asanaume. Galimoto la ogula mbatata ya kachewere likafika Lamulungu, ana ndiwo asenza matumba. Kodi umenewu ndiwo mpumulo wa Mulungu? Iai, ndiwo mpumulo wa mmodzi wogona pa misana ya anzake.

Ife aphunzitsi sitibisa mlandu wathu. Popeza sukulu itigwira masiku 5, ndipo udzu wa Januwale sudikira munthu, kawirikawiri taitana waganyu kuti atipalirire Lamulungu, ife tiri m'tchalitchi kutsogolera nyimbo. Iye anavomera chifukwa m'nyumba mwake munalibe ufa. Eklezia satsutsa munthu wanjala amene agwira nchito kuti ana ake adye, monganso satsutsa namwino wosamala odwala pa tsikulo. Mlandu uli pa ife amene tikadatha kumpatsa ganyuyo Loweruka, ndi kumlipira zokwanira kuti m'mawa mwake akhale nafe pamaso pa Mulungu. Tinagula pemphero lathu ndi njala ya mbale wathu, ndipo lero tichita nazo manyazi.

Masewera ali ndi malo ao. Bawo, mpira, kwaya, nthano za madzulo, kukaona odwala ndi okalamba, zonsezi zitsitsimutsa mtima. Ambuye eni ake anaitana ophunzira ao kuti apatuke akapume pang'ono, ataona kuti analibe ngakhale nthawi yakudya. Muyeso wake ndi uwu: mpumulo woona ubweza munthu ku nchito ali ndi mphamvu ndi mtendere. Koma amene atha tsiku la Mulungu pa kachasu, nadzuka Lolemba mutu ukuwawa, ndalama ya feteleza itatha, mkazi akulira, ameneyo sanapume; wangosintha mbuye womgwirira ukapolo.

Tsono pa Yubile ino tipemphe zinthu zitatu. Abambo, Loweruka madzulo tithandize kutema nkhuni ndi kutunga madzi, kuti amai nawonso adziwe Lamulungu. Eni ng'ombe, tizilandizana ubusa ndi anyamata athu, kuti afike ku Misa ndi ku katekisimu. Ndipo tonse amene tiri ndi nkhokwe, tisalembe ganyu pa tsiku la Mulungu. Wanjala akadza pakhomo tsikulo, timpatse ufa, nchito adzagwire mawa.

Amene anaumba njerwa za mishoni ino, ansembe ndi makolo athu pamodzi, anaweruka kale pa nchito yao. Mulungu awapatse mpumulo wosatha, ndipo ife otsala atiphunzitse kugawana mpumulo wa pansi pano.