Manda a ku Mangochi ndi Alendo Odzaphunzira

Mphunzitsi wa pa yunivesite amene angatsogolere ophunzira ochokera kunja kudzaona m'mene mitundu ya anthu imalirira akufa, sangasowe chowaonetsa ku Mangochi. Ku Cape Maclear kuli manda a amishoni a Livingstonia, mishoni imene inafika kumeneko m'chaka cha 1875. Mmodzi mwa ogona pamenepo ndi Dr William Black, amene anamwalira mu 1877. Pa boma napo, pafupi ndi nsanja ya wotchi, pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946.

Malo awiriwa mlendo atha kungofikapo nawerenga zolembedwazo. Koma manda a m'mudzi safikapo chisawawa. Ayao achisilamu sachedwetsa maliro: amasambitsa mtembo, kuukulunga m'nsalu yoyera yotchedwa sanda, ndipo amuna okha ndiwo amaperekeza kumanda. Pakatha masiku 40 pamakhala sadaka.

Wotsogolera wodziwa mwambo amayamba waonekera kwa mfumu ndi kwa shehe, ndipo ophunzira ake amawauziratu kuti makamera akhale m'zikwama kufikira anamfedwa atalola. Akaona masamba ataikidwa pamsewu, galimoto ichepetse liwiro, nyimbo zizimitsidwe, zipewa zivulidwe.