Madzi Oyera Mbee Angathe Kudwalitsa Khanda

Amayi, madzi angaoneke oyera mbee koma muli mankhwala otchedwa nitrate ndi nitrite. Mankhwalawa saoneka ndi maso ndipo sanunkha. Amachokera ku feteleza, ndowe za m'khola ndi m'zimbudzi. Mvula ikagwa amalowerera pansi mpaka kufika m'chitsime.

Amene ali pangozi kwambiri ndi makanda osakwana miyezi 6. Nitrite ikalowa m'thupi, magazi amalephera kunyamula mpweya. Milomo ndi zikhadabo za mwana zimasanduka zabuluu, ndipo amapuma movutikira. Mukaona zimenezi, thamangirani naye kuchipatala.

Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo, choncho musasiye. Koma mankhwalawa sachoka ndi moto ayi. Njira yodziwira ndi kuyeza madziwo basi. Bungwe la WHO limati pa lita imodzi nitrite isapitirire mamiligalamu 3, nitrate isapitirire mamiligalamu 50.

Tsono funsani alangizi a zaumoyo ngati madzi a pachitsime kapena pamjigo panu anayezedwa. Chimbudzi ndi khola zikhale kumunsi, mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime. Koposa zonse, yamwitsani mwana mwakathithi miyezi 6 yoyamba, osampatsa madzi. Bere lokha ndi lokwanira.