Khansa si ufiti: mawu omwe mlangizi wa zaumoyo analankhula ku kalabu yathu kwa Mkhumba

Ndiyambe ndi nkhani ya azakhali anga. Anakhala miyezi yambiri akutaya magazi pomwe sinali nthawi yawo ya kumwezi. Pakhomo tinkati awalodza, ndiye tinkangozungulira nawo kwa asing'anga. Titapita nawo kuchipatala, anatiuza kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo inali itafalikira kale. Chaka sanachimalize.

Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe khansa imeneyi ikupha amayi ambiri zedi padziko lonse. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, komwe kamafala pogonana. Mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, waulere. Zoti katemerayu amatseka mimba ndi bodza. Kafunseni kunyumba: kodi mng'ono wanu kapena mchemwali wanu anabayitsa? Amayi a zaka 25 mpaka 49 akayezetse. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kuona ngati pali poyamba kuwonongeka. Ndi mphindi zochepa chabe, ndipo akapeza msanga amathandiza isanakhale khansa. Anyamata musakhale ngati sizikukukhudzani. Kachilomboko mumanyamula ndinu osadziwa. Kondomu, mdulidwe wa kuchipatala ndi kuchepetsa zibwenzi zimateteza inu ndi mnzanuyo.

Kachiwiri, HIV. Khansa ya Kaposi, ija imatulutsa mawanga akuda m'miyendo, imakonda munthu yemwe chitetezo chake chatsika. Yezetsani magazi, ndipo amene muli pa ma ARV musadumphitse.

Kachitatu, khansa ya kummero, yomwenso yachuluka kuno kwathu. Munthu amayamba kulephera kumeza nsima, kenako phala, pomaliza ngakhale madzi. Fodya ndi kachasu zimawonjezera chiopsezo. Chingambwe chija mumapichira kuseri kwa golosale chikukuwotchani m'kati pang'onopang'ono. Tiyi ndi phala dikirani zizizireko, ndipo musamaphike m'khitchini motseka utsi uli tolo.

Kachinayi, chuku. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa zisanaume bwino zimachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin yemwe amayambitsa khansa ya chiwindi. Kuphika sikumupha poizoniyu. Ndiye chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusinja wowola kuti ukhale nsinjiro za pakhomo tichileke. Chimanga chowola musachite kufululira mowa ayi. Yanikani pamphasa kapena pa tenti, osati pansi, ndipo matumba musawagunditse pansi kapena kukhoma.

Zakudya zoteteza thupi tili nazo kale kuno ku Phalombe: nandolo, nkhwani, bonongwe, mapapaya, mango. Anzathu achialubino tiwakumbutse chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza kudzuwa, chifukwa khansa ya pakhungu imawavuta kwambiri.

Chotupa m'bere, chilonda chosapola, kuvutika kumeza, kuwonda popanda chifukwa: mukaona izi thamangirani kuchipatala sabata yomweyo.

Ndikupatsani ntchito imodzi. Tisanakumanenso, aliyense afunse mayi mmodzi wa pakhomo pake ngati anayezetsa. Ngati akuchita manyazi kapena mantha, muwaperekeze. Ine azakhali anga sindinawafunse.