CIFUKWA CACE OFUNA MIPANDO KU AMERICA ABVOMEREZA MAU AO POYERA



Ndifuna kukufotokozerani mwambo wina wa ku America. Kumeneko munthu wofuna mpando wa Pulezidenti kapena wa m'Nyumba ya Malamulo, akagula nthawi pa wailesi kuti akope anthu, ayenera kuchula dzina lace ndi kunena ndi pakamwa pace kuti mauwo wawabvomereza. Pa kanema nkhope yace ioneke, ndi mau olembedwa akhalepo masekondi 4. Sacita ici mwa ulemu cabe iai. Ndilo lamulo limene John McCain ndi Russ Feingold analitsogolera, nalisaina George W. Bush m'caka ca 2002.

Muzu wace ndiwo kusinjirira. Inu Mafumu mudziwa kuti pabwalo woneneza mnzace aimirira yekha, ndipo nkhani ya "akuti" simuilandira. Opanga lamulolo anaganiza momwemo: munthu akaonetsa nkhope yace adzacita manyazi kunama, ndipo akanama osankha adzadziwa womfunsa.

Koma ine ndiona kuti mpandawo uli ndi cipata cacikuru. M'caka ca 1988 kagulu kapadera kanaulutsa nkhani ya wandende Willie Horton kuti kaipitse mbiri ya Michael Dukakis. George Bush wamkuru anapindula nayo, anthu ace namati si yao. Timagulu totere tichula dzina lao lokha, wopindulayo ali cete. Ndipo Bwalo Lalikuru m'caka ca 2010 linalola makampani kutayapo ndalama zopanda malire, malinga asapangane ndi mwini mpikisano.