Chisankho cha ku Mauritius mu 1982: Boma Lidataya Mipando Yonse



Nkhani ya lero ikuchokera kutali, pa chilumba cha Mauritius, chimene chili m'nyanja yaikulu ya India, kum'mawa kwa Madagascar. Dziko limeneli lidalandira ufulu wodzilamulira pa 12 Malichi 1968, ndipo amene adalitsogolera ku ufuluwo ndi Sir Seewoosagur Ramgoolam, dokotala, mtsogoleri wa chipani cha Labour. Anthu adali kumutcha tate wa dziko, ndipo sadali kunama.

Koma pa chisankho cha pa 11 Juni 1982, tate yemweyo adalephera ngakhale m'dera lake lomwe. Mauritius ili ndi madera 20 ndipo dera lililonse limasankha aphungu atatu. Mipando yonse 60 idapita ku mgwirizano wa zipani za MMM ndi PSM, wotsogozedwa ndi Anerood Jugnauth, Paul Bérenger ndi Harish Boodhoo. Palibe nduna ndi imodzi yomwe imene idapambana m'dera lake. Ndi zoona kuti kasankhidwe kameneka kamakulitsa kugwa, pakuti boma lidapezabe pafupifupi voti imodzi mwa mavoti anayi alionse. Koma pamene chipani chatsalira m'dera lililonse, mavoti otere sabala mpando. Aphungu ochepa otsutsa amene adalowa m'Nyumba ya Malamulo adalowa kudzera m'mipando yapadera yosungidwira olephera amene adapeza mavoti ochuluka.

Tsoka limeneli silidadze mwadzidzidzi. Chenjezo lidamveka kale mu Disembala 1976, pamene chipani cha MMM, chimene chidali ndi zaka zosakwana khumi, chidapeza mipando 34 mwa 70, Labour n'kupeza 28 yokha. Ramgoolam adapulumuka pogwirizana ndi chipani cha PMSD chimene chidali ndi mipando isanu ndi itatu. Apa ndi pamene akuluakulu a chipani chake adalakwa: adaona kuti boma likadali m'manja mwawo, nayesa kuti anthu nawonso akadali kumbuyo kwawo. Akulu akale adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu lotsinidwalo lidangopola osamva kanthu.

M'zaka zotsatira mtengo wa shuga, amene adali msana wa chuma cha dzikolo, udagwa. Namondwe adaononga minda ya nzimbe. Ndalama ya rupee idachepetsedwa mphamvu kawiri, mu 1979 ndi mu 1981, kotero kuti mpunga ndi ufa, zimene chilumbacho chimagula kunja, zidalemera m'thumba la munthu wamba. Boma lidachita chinthu chabwino poyamba maphunziro a sekondale aulere mu 1977, koma anyamata ndi atsikana ophunzira adali kungokhala pakhomo ndi masatifiketi awo, ntchito kulibe. Zonsezi wapampando wa nthambi amaziona asanazione nduna, ndipo kalaliki wa pa ofesi ya boma amazimva tsiku ndi tsiku pazenera. Chovuta ndi chakuti uthenga woipa umakwera pang'onopang'ono, popeza aliyense pa njira amauthira shuga asanaupereke kwa womuposa.

Ramgoolam, nkhalamba ya zaka 81, adavomera zotsatira natula pansi udindo popanda phokoso. Maofesi adatsegulidwa monga mwa masiku onse.

Opambanawo sadakhalitse pamodzi. Patangotha miyezi isanu ndi inayi, mu Malichi 1983, Bérenger ndi nduna zinzake adatuluka m'boma, ndipo pa chisankho cha mu Ogasiti chaka chomwecho Jugnauth adabwerera pa mpando mothandizidwa ndi Labour yomwe adaigwetsa ija. Naye adalawa chikho chomwecho mu 1995, pamene adataya mipando yonse 60 kwa Navin Ramgoolam, mwana wa tate uja. Mu Novembala 2024 Navin yemweyo adasesanso madera onse 20, ndipo amene adagwa ulendo umenewu ndi Pravind Jugnauth, mwana wa Anerood.